Mmene tinayendera ulendo wa ku Dar es Salaam ndi ana kuchokera kuno ku Zomba

Kuno ku Zomba ukangotchula Dar es Salaam anthu amaganiza za geni basi, kukapikula zitenje ndi nsapato ku Kariakoo kapena kukatenga galimoto ku doko. Ife tinapita kukangoona nyanja yamchere, ine, abambo akunyumba ndi ana, ndiye poti azimayi anzanga akungondifunsabe kuti ulendo wautali chonchija munayenda nawo bwanji ana, ndati ndingofotokoza zonse pano.

Yambani ndi mapasipoti ndipo muyambe kudakali miyezi. Mwana aliyense amafunika yakeyake ngakhale wa kumsana, ndipo ife a ku Zomba zimenezi timakapangira ku Blantyre kapena ku Mangochi, si zodzuka lero nkumati mawa tinyamuka. Viza ayi, Mmalawi amalowa mu Tanzania ndi pasipoti yokha. Ine ndinatenganso masatifiketi a kubadwa a ana ndi timakhadi tachikasu ta katemera wa yellow fever, pa boda nthawi zina amatifunsa. Ngati mukupita nokha bambo atsala, akulembereni kalata yoti akudziwa kuti mwatenga ana, mudzandithokoza.

Nyengo tinasankha Ogasiti ana atatsekera sukulu. Ku Dar kumatentha kwa chinyontho, thukuta losauma, ndiye munthu wozolowera kamphepo kotsika mphiri la Zomba ukapita mu Januwale kapena Febuluwale ungodzizunza. Malichi mpaka Meyi ndi mvula yamphamvu. Juni mpaka Seputembala ndiye kumakhalako bwino.

Za ndalama nonse mukudziwa mmene dola ikusowera, ife tinayamba kusonkhanitsa pang'onopang'ono kalekale, zina tinakasintha pa boda kukhala mashilingi. Anyamata osintha ndalama pa boda paja amakuunjikira ngati ntchentche, aliyense akuti mayi bwerani kuno. Funsani mtengo kwa angapo, werengani nokha pafoni, ndipo makwacha anu musawatulutse musanawerenge mashilingi awo mpaka pepala lomaliza.

Msewu wake ndi uwu: Zomba, Liwonde, Balaka, Ntcheu, Dedza, Lilongwe. Ku Lilongwe kuli mabasi opita ku Dar osasintha, a geni amakwera amenewo chifukwa iwo nthawi ndi ndalama, koma ndi ana ine sindingakulangizeni, munthu umakhala pampando umodzi usana ndi usiku miyendo mpaka kutupa. Ife tinauduladula. Tinagona ku Lilongwe kwa achimwene, kenako Mzuzu, nkutsika Chiweta kukagona ku Karonga. Pa Chiweta paja ana ajambule ndi maso, nyanja yathu imaonekera pansi penipeni msewu ukukhotakhota, wachisamba wanga anangoti "amayi, mundiuze tikafika pansi" atatseka maso. Kuchoka pa Karonga kufika pa boda ya Songwe ndi kamtunda kochepa, tinapita mmamawa mabasi akuluakulu asanadzaze mzere. Mumadinditsa mbali yathu, kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Songwe wapansi zikwama kumutu, kenako kudinditsanso mbali yawo yomwe amati Kasumulu. Pompo sinthani wotchi, kwawoko ali patsogolo ndi ola limodzi, ndipo basi ya mmawa siyidikira munthu amene akadali pa nthawi ya ku Malawi. Simu khadi yawo gulani mu shopu yeniyeni, amalembetsa ndi pasipoti.

Kuchoka apo ndi minibasi kudzera ku Tukuyu, kozizira, nthochi zili mbwee mumsewu monse, mpaka ku Mbeya komwe tinagonanso nkugula matikiti a mawa lake madzulo omwewo. Mbeya kukafika Dar ndi makilomita opitirira 800, tsiku lathunthu. Pogula matikiti limbikirani mipando ya pawindo chifukwa mukadutsa Iringa nkutsika mapiri a Kitonga msewu umalowa mkati mwa Mikumi National Park, nyamalikiti, mbidzi, anyani mumaziona muli m'basi osalipira kanthu, ana anga anaiwala zoti atopa. Basi imaima kamodzi pa chakudya ndipo samachedwa, ndiye kamba wanu akhale pafupi, mazira owiritsa, mabanzi, madzi, ndi jumbo zingapo za odwala mgalimoto. Panopa kulinso sitima yamagetsi yomwe inayamba 2024 pakati pa Morogoro ndi Dar, wofuna atha kutsika pa Morogoro nkukwera imeneyo. Ife tinapitirira ndi basi mpaka pa depoti ya Magufuli ku Mbezi, yomwe ili kutali ndi tawuni, ndiye poti tinafika usiku tinangotenga takisi titagwirizana mtengo tisanakweze katundu.

Malo ogona tinapeza ku Kigamboni, tsidya lina la doko. Mkati mwa tawuni ndi phokoso ndi jamu ya magalimoto, pomwe ku Kigamboni kuli magombe a mchenga woyera ndi maloji oti mutha kuphika nokha. Kuwoloka kwake ndi pantoni yochokera ku Kivukoni pafupi ndi msika wa nsomba, mphindi zochepa chabe, anthu, njinga, bajaji (njinga zamoto za matayala atatu) zonse momwemo, gwirani ana padzanja potsika chifukwa chigulu chimatuluka nthawi imodzi. Ulipo mlatho womwe anatsegula 2016 koma ana amafuna pantoni daily.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ife a ku Malawi timapita ndi nzeru za ku Mangochi. Nyanja yathu ukaisiya pamene ili mmawa, madzulo uipeza pomwepo. Iyi ayi. Madzi amabwera nkupita kawiri patsiku, ndi mwezi wa kumwambawu umawakoka, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene kusiyana kwake kumafika mamita 3 kapena 4. Ukafika pa nthawi yolakwika upeza nyanja yathawa, kwatsala matope, ndere ndi miyala, madzi akuoneka kutali uko, ana zovala zosambira atavala kale akukuyang'ana ngati wawanamiza. Ndipo nthawi yake imasuntha, tsiku lililonse imachedwerako pafupifupi mphindi 50, ndiye zoti dzulo tinasamba 10 koloko lero tipitenso 10 koloko sizigwira bwinobwino. Ife tinkafunsa anyamata a pa loji usiku kuti mawa madzi adzaza nthawi yanji, pa intaneti zimapezekanso, kenako pulogalamu yonse ya tsikulo, kudya, kupita ku tawuni, kugona masana, tinkaipanga kuchokera pamenepo. Madzi akaphwa si kuti tsiku lawonongeka, ndi nthawi yoyenda ndi ana kuona nkhanu ndi tizigoba, koma avale nsapato za pulasitiki chifukwa m'miyala muli tizilombo takuda ta minga tomwe tikakubaya minga imathyokera mphazi. Ndipo musapite nawo kutali, madzi pobwerera amathamanga kuposa mmene mungaganizire, ndipo amayamba kudzaza malo otsika kumbuyo kwanu inu muli pa kachitunda ka mchenga. Abambo akunyumba omwe amadzitama kuti anakulira pa Kachulu ku Chilwa ankangoti "amayi a ana, izi ndi zina", osalola mwana kupyola mchiuno.

Mcherewo nawonso, eish. Wamng'ono wanga anameza kamodzi nkulira kuti wina wathira mchere dala. Mukatuluka sambani madzi abwino msanga apo ayi thupi limayabwa, tsitsi la atsikana ndiye mulukiretu musananyamuke. Dzuwa limawotcha ngakhale ife akuda, zipewa ndi mafuta musasiye.

Chakudya sichinativute. Nsima yawo ilipo koma ndi yolimba, ana anakonda tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira, ine pilawu ndi nsomba. Loweruka madzulo tinapita ku Coco Beach komwe mabanja a konko amakacheza, chinangwa chokazinga chothira tsabola ndi ndimu, kanyenya wa pa timitengo, madzi a kokonati wamuwisi akukudulira pomwepo. Kumeneko nkodyera ndi kuona anthu, kusamba tinkasamba kwathu ku Kigamboni. Chingelezi musadalire kwambiri, mumsewu ndi Chiswahili, koma manambala ukalemba pafoni mumamvana.

Ku Zanzibar tinawolokako. Matikiti gulani mu ofesi ya chombo yeniyeni, osati kwa anyamata okuthamangirani panja, mlendo amalipira mtengo wokwera kuposa mwini dziko ndipo pali inshuwalansi ya alendo yomwe anayamba kufuna 2024, ndiye muwerengeretu. Mapasipoti tengani, amawaona polowa ngakhale Zanzibar ndi Tanganyika zinaphatikizana kale mu 1964 nkukhala Tanzania. Ndi maola awiri pamadzi, ndipo miyezi imeneyi kumawomba mphepo ya kummwera, yomwe ija ife timati mwera, ndiye kwerani chombo cha mmawa ana asanadye zamafuta. Kumeneko ambiri ndi Asilamu, chitenje chikhale mchikwama, zovala zosambira ndi za kugombe basi. Mu Stone Town tinawatengera ana ku tchalitchi cha Anglican chomwe chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo womwe unatsekedwa 1873. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo ankachokera mbali zathu zino, ena atawolotsedwa nyanja pa Nkhotakota nthawi ya Jumbe nkuyenda wapansi mpaka ku Kilwa. Wachisamba anaphunzira zimenezi mkalasi, koma atalowa mtizipinda ta pansi tomwe amati ankasungiramo akapolo anakhala chete nthawi yaitali. Madzulo tinakadya ku Forodhani, msika wa zakudya wa m'mbali mwa nyanja, apo funsani mtengo mbale isanafike mmanja.

Ku Kariakoo pitani tsiku lomaliza, ana muwasiye ndi bambo awo ku loji chifukwa chigulu chake munthu wamkulu yemwe amasochera, ndipo foni ikhale mkati mwa chikwama cha kutsogolo. Ndalama ya matikiti obwerera mpaka ku Zomba ndinaipatula tsiku lofika nkuipereka kwa abambo kuti ndisaione, chifukwa zitenje za kumeneko zimakopa. Musagulenso zambiri zofanana, pa Songwe a kasitomu akaona zitenje mulu amawerengera ngati geni ndipo mulipira msonkho, ndiye malisiti sungani ndipo kenakake ka makwacha katsale ka minibasi ya ku Karonga.