Liwu limene ndinafunsa pa geti la Tuol Sleng

Ku Phnom Penh, likulu la dziko la Cambodia, ndinakhalako masiku anayi, koma tsiku lomwe silindichoka m'mutu ndi la ku Tuol Sleng. Malowa anali sukulu ya sekondale, mpaka a chipani cha chikomyunizimu cha Khmer Rouge, omwe analamula Cambodia kuyambira 1975 mpaka 1979, anaisandutsa ndende yotchedwa S-21. Anthu oposa 12,000 analowa m'menemo, ndipo otulukamo amoyo anali owerengeka.

Chinandibaya mtima n'chakuti ambiri mwa anthu a pazithunzi za m'makalasimo anali asilikali ndi akuluakulu a chipani cha Khmer Rouge chomwecho. Mu 1978 a Pol Pot, mtsogoleri wa Khmer Rouge, anatembenukira anthu awo a chigawo cha kum'mawa, kumalire ndi Vietnam. Mtsogoleri wa chigawocho, So Phim, anadzipha mu June chaka chomwecho. Asilikali ena anakana kudikira imfa, nalozetsa mfuti kwa akuluakulu awo. Heng Samrin, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a chigawocho, anathawira ku Vietnam, n'kudzabwerera ndi gulu lankhondo la dzikolo lomwe linalanda Phnom Penh pa 7 January 1979.

Pa Chingerezi, asilikali akagalukira owalamula amati mutiny. Nditatuluka, ndinafunsa bambo wachikulire amene ankandiyendetsa pa tuk-tuk, kangolo kokokedwa ndi njinga yamoto. Kumeneko bambo wotere umamuitana kuti pu, ngati mmene ife timanenera kuti amalume.

"Pu, mutiny mumati chiyani pa Chikhmer?"

Anayamba andifunsa kaye tanthauzo lake. Nditalongosola, anati "bah bao," n'kundilembera pafoni: បះបោរ. Ndiko kuukira, kaya oukirawo ndi alimi kaya ndi ena. Ukafuna kuti zimveke kuti ndi asilikali umawonjezera liwu loti teahean. Kulanda boma, monga anachitira mkulu wa asilikali Lon Nol mu March 1970, kuli ndi liwu lakelake, rodth prahar.

Kenaka analoza chipupa cha ndendeyo ndi chibwano. Anati m'katimo liwu lomwe linkamveka linali kbat, kupereka mnzako kwa adani. Munthu ankazunzidwa mpaka atalemba yekha kuti ndi wompereka Angkar, dzina lomwe chipanicho chinkadzitcha.

Ndinawapempha bambowo kuti tisanyamuke msanga. Ndinabwereranso m'chipinda cha zithunzi, n'kuima nthawi yaitali pamaso pa mnyamata wina amene anam'pachika nambala pachifuwa. Sindikhulupirira kuti anali atakwanitsa zaka 18.