Masiki aja sanagwere m'kapu ya anamwino

Ndiyambe ndakonza bodza limodzi lisanafike kumudzi kwathu. Masiki anga aja, amene anauluka tsiku limene ndinkalankhula kwa ophunzira anzanga za chimfine, sanagwere m'kapu ya anamwino ayi. Anagwera pambali pake. Amene akufalitsa zoti anamira mu tiyi ndi mesho wanga, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, munthu amene tsikulo anali kumbuyo kwenikweni kwa holo akudya chigumu, sakanatha kuona kanthu. Zina zonse zimene mwamvazo n'zoona, mwatsoka.

Mukukumbuka Juni uja chiperoni chitatigwira sabata yathunthu, phiri la Zomba losaoneka n'komwe, kamvula kowaza kosalekeza. Ku Chikanda kuno, komwe ophunzirafe timachita lendi, aliyense anatseka mawindo n'kutsekera masokosi m'ming'alu, anthu anayi m'kachipinda kamene anamangira munthu mmodzi ndi sutikesi yake. Chimfine chinalowa ngati chalipira lendi. Mu laibulale simukanawerenga, wina akatsokomola uku wina amayankha uko, ngati kwaya ikuyesa mawu.

Achipatala cha pasukulu anaitana oimira makalasi, ine ndili m'gulumo. Anamwino anatiuza momveka bwino kuti chimfine ndi kachilombo, ndipo kuzizira pakokha sikudwalitsa, chimene kumachita n'kutiunjika m'zipinda zotseka. Kamayenda m'timadontho ta malovu munthu akatsokomola, akayetsemula ngakhale akamalankhula. Ukakatenga pamapita tsiku limodzi mpaka masiku anayi usanayambe kumva, ndipo ukhoza kupatsira anzako kutatsala tsiku limodzi kuti iwe mwini udziwe kuti wadwala. Mfundo imeneyo muisunge, ndiifuna kutsogoloku. Anatinso amoxicillin amene timagawana m'mahositelo ngati mtedza sagwira kachilombo ka chimfine, ndipo thupi likatentha tiyambe takayezetsa malungo.

Anzanga anamva n'kupita kukadya. Ine ndinalemba zonse, masamba atatu, ndipo ndinatuluka m'menemo ndikudzimva kuti dziko landisankha.

Madzulo omwewo ndinapita kumsika wa Mpondabwino kukagula ndowa ya mpopi ndi ndalama zanga za ndiwo. Sopo ndinamuboola pakati n'kumumangirira chingwe, chifukwa sopo wa pahositelo amamera miyendo. Ndinkaima pakhomo ndi foni kuwerengera anthu masekondi 20 osamba m'manja, wofulumira ndimamubweza. Ndinkatsegula mawindo m'bandakucha chiperoni chili pakati, anthu akundinena mawu amene sindingalembe pano. Kapu ya pulasitiki imene tonse tinkamwera pa ndowa ya madzi akumwa ndinaibisa. Amayi eni nyumba atabwera kudzatolera lendi anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa chigongono. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Mwanawe, kwanu n'kuti?" Pofika Lachitatu dzina langa linali litafa, aliyense ankangoti a Nduna.

Anamwino atamva za khama langa anandipempha kuti Lachisanu ndidzalankhule kwa ophunzira onse. Ndinavomera iwo asanamalize chiganizo.

Lachinayi usiku kukhosi kunayamba kukanda. Ndinauza mesho kuti ndi fumbi. Iye anasuzumira panja pomwe mvula inali itawaza masiku asanu ndi limodzi, n'kunena kuti, "Aise, fumbi lake liti?" Kenaka msana unayamba kuphwanya, ndipo ndinati ndi ndowa ija ndinanyamula. Cha m'ma 10 koloko ndinali ndikunjenjemera ndi majuzi awiri, ndipo ndi pamene mesho anatulutsa nzeru ya mu 2021, nthawi ya Covid ija anthu anakolola masamba a bulugamu mpaka mitengo kutsala mbulanda. Anawiritsa masamba pa mbaula, n'kundifunditsa bulangete pamwamba pa poto. Ine ndinkadziwa bwinobwino kuti nthunzi imangotsegula mphuno kwa kanthawi, sipha kachilombo. Zinali pa tsamba lachiwiri la zolemba zanga. Koma munthu ukakhala ndi msonkhano mawa umakhulupirira chilichonse. Ndinatulukamo nditafewa ngati mbatata yophika, chibwano chitapsa pomwe ndinagunda m'mphepete mwa poto. Pamwamba pake ndinamwa jinja, mandimu ndi adyo. M'mawa ndinkanunkha ngati ndiwo zoti zangotsala mchere.

Apa ndiye ena amati ndikanangotumiza uthenga kuti sindibwera. Inde. Ndinalemba ndekha pa tsamba loyamba kuti wodwala akhale m'chipinda mpaka patapita maola 24 thupi lisakutentha popanda Panado. Koma ndinali nditasita malaya. Komanso, mwa ine ndekha, ndinati ndikavala masiki palibe vuto. Masiki ake ndinawapeza pansi pa sutikesi, otsala a nthawi ya Covid, lamba wake atatopa ngati wa kabudula wa kupulayimale.

Holo inadzaza, mayaro, ophunzira a chaka choyamba, kutsogolo chifukwa iwo amabwera pa chilichonse. Anamwino anakhala patebulo pambali panga ndi kapu yawo ya tiyi. Mphindi zisanu zoyamba ndinalankhula bwino kwambiri, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe penapake. Ndinafotokoza za mawindo, za sopo, za kusabwerekana masupuni. Ndiye ndinafika pa chionetsero. Ndinati, "Anzanga, tsopano ndikuonetsani mmene munthu wophunzira amayetsemulira."

Ndinkafuna kungoyerekeza. Mphuno inamva ngati ndaiitana.

Chinayambira kutali, kumbuyo kwa maso, ngati nyerere imodzi ikuyenda pang'onopang'ono itanyamula katundu. Maso anadzaza misozi. Pakamwa panatseguka pokha. Ndinaima chomwecho, mutu uli chagada, ndikukoka mpweya kamodzi, kawiri, katatu, anthu akuganiza kuti ndi sewero, ena mpaka kuyamba kuwomba m'manja kuti a Nduna amatha. Dzanja lamanja linali ndi maikolofoni, lamanzere mapepala. Zigongono ndinali nazo ziwiri, zonse zili bwinobwino, zonse zili pafupi. Ubongo unayamba kukambirana kuti tigwiritse chiti. Chamanja, unati, koma kuli maikolofoni. Chamanzere, koma mapepala agwa. Komiti ya m'mutu mwanga inali isanagwirizane pamene nkhaniyo inaphulika, molunjika m'maikolofoni.

Zimkuzamawu zinalira ngati thiransifoma yapsa. Akhwangwala onse a padenga anauluka. Pali mnyamata wa kabaza amene amalumbira kuti anamva ali ku Matawale, ndipo sindikukayika kuti ogulitsa masitiroberi ku Ku Chawe anayang'ana kumwamba kuona ngati kukubwera mvula ya mabingu. Lamba wa kumanzere anaduka. Masiki anatsala akulendewera pa khutu limodzi, akuzungulira ngati mbendera, ndipo holo yonse inali zii kuwayang'ana. Ndikanatha kuwagwira. Ndinali ndi nthawi. Koma chachiwiri chinali kale m'njira, ndipo ndi chimenecho chinawachotsa. Anakwera m'mwamba, anatembenuka kamodzi mwaulemu, anadutsa pamaso pa mayaro a mzere woyamba amene anawatsatira ndi maso ngati mpira wa penate, n'kukatera patebulo. Pambali pa kapu. Panali mpata wokwana chala.

Chachitatu ndinachiika m'chigongono bwinobwino, monga mwa malamulo, koma palibe amene amachitchula.

Anamwino sanaseke, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa kuseka kwa anthu mazana aja. Anasuntha kapu yawo pang'ono, anavala magolovesi, anandilanda maikolofoni ndi zala ziwiri n'kuipukuta ndi sipiriti mbali zonse. Kenaka anati, "Achimwene, tsikani, mukandidikire kuchipatala." Ndikutsika ndinawamva akuuza anthu kuti a mzere woyamba akasambe kumaso ndi m'manja, ndipo wina kumbuyo, ndikudziwa ndi ndani, anakuwa kuti, "Masekondi 20!"

Kuchipatala anandibaya chala, malungo sanapezeke. Anandipatsa Panado, anati ndizimwa madzi ambiri, ndigone, ndisaonekere m'kalasi kapena ku kafu kodyera, ndipo ndikayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa ndibwerere msanga. Ine, ndi mawu otsika, ndinafunsa ngati pangapezeke ka amoxicillin pang'ono. Anatenga mapepala anga omwe aja, anatsegula tsamba lachitatu, n'kundiuza kuti ndiwerenge mokweza.

Tsopano za mlandu umene mukundipatsa, woti ndinadwalitsa mzere woyamba wonse. Tiyeni tiwerenge bwino. Mtsikana amene anayamba kutentha thupi Lachisanu lomwelo madzulo si wanga, kachilombo sikathamanga choncho, anabwera nako yekha. Awiri a Loweruka m'mawa ndi okayikitsa, maola 24 anali asanakwane. A Lamlungu ndi Lolemba, chabwino, tikhoza kukambirana, ngakhale anthu amenewo amakweranso minibasi ndipo amadya pa chiwaya chimodzi ndi tauni yonse. Nanga ine anandipatsa ndani? Palibe amene akufufuza zimenezo. Mesho wanga ankatsokomola kuyambira Lolemba, ndipo ndinamupeza kawiri akutakasa tiyi ndi supuni yanga n'kuinyambita. Munthu yemweyo lero ndiye mboni yaikulu.

Ndinagona masiku asanu. Chakudya ankandisiyira pakhomo n'kugogoda ndi ndodo ya mopu. Mawindo onse a hositelo anatsekedwanso tsiku lomwelo, ndinkawamva akumenyetsa limodzilimodzi ngati akuchita mwambo. Amayi eni nyumba ananditumizira mandimu, ndi uthenga woti ndikachira ndipite ndikawapatse moni weniweni.

Ndowa ija ilipo. Nditatuluka ndinaipeza kuseri, wina atanyikamo majinzi. Chingwe chikadali pa mpopi, sopo ndiye anapita. Amene muli nayo kapu ya pulasitiki yobiriwira, si ija ndinabisa, ija ndaiwala pomwe ndinaiika.