Sabata imene Fomu 4 inakumana ndi Kanyama Chiume

Sikimu inati sabata ino ndiphunzitse mpungwepungwe wa nduna wa 1964. Lolemba ndinalemba maina pabolodi: Chipembere, Orton Chirwa, Bwanausi, Chokani, Yatuta Chisiza, Chiume. Ana ankangokopera ngati akulemba ngongole za kugolosale, mpaka nditatchula kuti Kanyama Chiume anayamba ndi choko ngati ine. Anabadwira ku Usisya mu 1929, anakulira ku Tanganyika, anaphunzira ku Makerere, nakaphunzitsa ku Dodoma. Mu 1961 anali kale nduna ya zamaphunziro.

Mnyamata wina wa kumbuyo anakweza mkono. "Ndiye inu sala, mukudikira chiyani?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Funsolo linandidyera mapiriyodi awiri, ndipo sindikudandaula. Ana athu amaona unduna ngati galimoto yokhala ndi mbendera, basi. Ndinawafotokozera kuti nthawi ya atsamunda Amalawi ofika kuyunivesite anali owerengeka, ndipo ntchito yowalandira msanga inali uphunzitsi. Chipani chikafuna munthu wotha kutsutsana ndi azungu m'nyumba ya malamulo, chinkamupeza m'kalasi. Willie Chokani naye anachokera ku uhedimasitala wa pasukulu ya HHI (Henry Henderson Institute) ku Blantyre.

Lachiwiri linapita ndi kuchonga makope ndi msonkhano wa aphunzitsi wonena za ana ochedwa.

Lachitatu tinalowa pachimake. Nduna zinkakana kuti odwala azilipira tiki (mapeni atatu) kuchipatala, zinkadandaula kuti maudindo a m'boma akuchedwa kupita kwa Amalawi, komanso sizinkafuna ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Mu Seputembala 1964, patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, a Kamuzu Banda anachotsa Chiume, amene panthawiyo anali nduna yoona za kunja. Anathawira ku Tanzania, ndipo kwawo anadzapondanso mu 1994. Unduna wa zaka zitatu, kuthawa kwa zaka 30. Mtsikana wina anawerengetsa yekha m'mphepete mwa kope, nandifunsa ngati kunjako ankalandirabe malipiro a unduna.

Lachisanu ndinapereka mayeso aafupi. Ambiri analemba bwino za tiki, mwina chifukwa mtengo wa mankhwala amaudziwa kunyumba. Za Apwitikizi anasokoneza pafupifupi onse, wina mpaka anawaika ku Zambia, choncho Lolemba ndibwera ndi mapu.