Tsiku limene ampu yanga inatukwana amalume

Msuweni wa mkazi wanga atalengeza kuti akukwatiwa kumudzi kwawo kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu, nkhani ya zokuzira mawu inagamulidwa ine kulibe. Apongozi anauza komiti ya ukwati kuti banja lili kale ndi mkamwini amene ali ndi masipika, ndipo mtengo umene ndimalipiritsa anthu ena anaudula pakati ndisanatsegule pakamwa. Sindinadandaule kwambiri, chifukwa ndinaona kuti umenewu unali mwayi woonetsa akuchikazi kuti ntchito yanga si kungonyamula mabokosi ndi kukweza voliyumu, monga ambiri a iwo ankaganizira, koma ndi ntchito yofuna kuwerengera ndiponso kusamala.

Madyerero anali pabwalo la mpira la sukulu ina, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kutsogolo, mbali zonse ziwiri za tenti ya akwati, ndinaika mabokosi awiri a besi a mainchesi 18, ndipo pamwamba pake ndinaimika masipika awiri a mainchesi 15 okhala ndi matwita, timasipika ting'onoting'ono totulutsa mawu opyapyala. Popeza paukwati wakumudzi saitana munthu ndi khadi, ndinadziwa kuti khamu lidzafika mpaka ku golo yachiwiri, choncho ndinaimikanso masipika awiri ang'onoang'ono pa mtunda wa mamita 35 kuchokera kutsogolo, atayang'ana kumbuyo kwa bwalo. Gulu lililonse la masipika linali ndi ampu yakeyake, makina amene amapatsa masipika mphamvu: ina ya mabesi, ina ya masipika akutsogolo, ina ya akumbuyo. Chifukwa choikira masipika akumbuyo n'chakuti mawu amachepa mphamvu ndi ma decibel 6 nthawi iliyonse mtunda ukawirikiza kawiri, ndipo munthu wofuna kufikira anthu akumbuyo ndi masipika akutsogolo okha amayamba wagonthetsa ankhoswe amene akhala pamzere woyamba.

M'mawa wonse ndinautha ndikukonza kamvekedwe. Ndinagusitsa batire la mavoti 9 pa waya wa sipika iliyonse kuti ndione ngati pepala lake likutulukira kunja mofanana ndi zinzake, chifukwa sipika imodzi ikalumikizidwa mozondoka, imakoka mpweya pamene inzake ikukankha, ndipo besi imasowa ngakhale mabokosi akunjenjemera. Crossover, chipangizo chimene chimagawa mawu pakati pa masipika, ndinaiika pa ma hertz 100 kuti kugunda kwa ng'oma kupite ku mabesi okha ndipo mawu a anthu apite pamwamba. Kenako ndinatenga maikolofoni, n'kumayenda nayo pamalo onse amene MC akanaima, ndikukweza pang'onopang'ono mpaka itayamba kulira, n'kumatsitsa pa equaliser, chipangizo chokwezera kapena kutsitsira mbali zina za mawu, malo enieni amene kulirako kumachokera. Masipika akumbuyo ndinawachedwetsa. Mawu amayenda mumpweya pafupifupi mamita 343 pa sekondi, kotero kuti amatenga mamilisekondi 102 kuti ayende mamita 35, pamene mu waya amafika nthawi yomweyo. Ndinaika delay ya mamilisekondi 112, kuwonjezerapo pang'ono mwadala kuti khutu liziyamba kumva za kutsogolo ndipo munthu aziona ngati mawu akuchokera pakamwa pa wolankhulayo.

Pa chitetezo ndiye ndinali wonyadira kwambiri. Limiter, chipangizo choletsa mawu kukwera kupitirira malire, ndinaitchera kuti DJ, ngakhale atakankha mikisa mpaka magetsi onse atafiira, ampu isafike pophwanya mawu, poti mawu ophwanyika ndiwo amawotcha koyilo ya twita. Makina oyendetsera zonsezi ndinawatseka ndi nambala yachinsinsi. Timabatani ta voliyumu ta ma ampu ndinatitembenuza mpaka kumapeto n'kuchepetsera mphamvu mkati mwa makina otsekedwawo, kuti munthu wa zala zoyabwa akabwera apeze kuti palibenso chokweza. Jenereta ndinaiika patali pamthunzi, ndipo ndinapita ndekha kukhitchini kukapempha amayi kuti ketulo yawo ya mawati 2,000 asailumikize pa chingwe changa. Pofika masana ndinali nditatseka khomo lililonse limene ndinkalidziwa.

Ndipamene ngolo inatulukira, itanyamula amalume a mkwatibwi, mdzukulu wawo amene amakonza mafoni pamsika, ndi mabokosi anayi okutidwa ndi kalipeti yothothoka. Amalumewa anapita ku Joni nthawi ya Theba, n'kubwera ndi gumbagumba imene mudzi wonse umaikumbukirabe, ndipo pambuyo pake anakhalapo ndi bala kwa zaka zingapo. Kuyambira pamenepo, nkhani iliyonse yokhudza nyimbo m'banjamo imadutsa mwa iwo.

"Mwana wanga," anatero akugogoda bokosi langa ndi ndodo, "masipika asanu ndi limodzi okha pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga? Anthu a kutsidya ku Mozambique adziwa bwanji kuti kuno kuli ukwati? Onjezerapo angawa."

Ndinanjuta, ndinawapatsa moni wa manja awiri, kenako ndinasuzumira m'mabokosimo. Munali masipika a m'galimoto, a ma ohm 4 lililonse (ohm ndi muyezo wa mmene sipika imatchingira magetsi: nambala ikachepa, imakoka magetsi ambiri). Ndinawafotokozera mofatsa kuti masipika anga akutsogolo ndi a ma ohm 8, kuti ampu yanga siloledwa kutsika pansi pa ma ohm 4 mbali iliyonse, ndiponso kuti masipika akalumikizidwa pamodzi pa mawaya amodzimodzi, nambalayo sikwera koma imatsika. Kuphatikiza awiri awo ndi langa limodzi kukanatsitsa mbali iliyonse kufika pa 1.6, kutanthauza kuti ampu ikanakakamizidwa kutulutsa mphamvu ya magetsi yochuluka kasanu kuposa imene ndinaikonzera. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu, ndipo anati, "Wafotokoza bwino, mwana wanga, sukulu inakupindulira." Anatsitsa mabokosi awo pafupi ndi tebulo la akuluakulu, akuti angokhala pamenepo kuti anthu aziwaona, ndipo ine ndinaona kuti nkhani yatha mwaulemu.

Perekaniperekani atayamba, zonse zinkamveka bwino kwambiri moti ngakhale DJ, amene sayamikira munthu, anandikwezera chala. Nthawi yomweyo kunabwera mwana kudzandiuza kuti apongozi akundiitana kukadya. Mkamwini sakana nsima ya apongozi, makamaka ikakhala ya nkhuku yachikuda imene aphera iye. Ndinasiya mnyamata wondithandiza pa ma ampu, n'kumulamula kuti asachokepo ngakhale kumwamba kutagwa. Zimene sindinamuuze n'zoti achite chiyani munthu wamkulu wa imvi akamutuma kukagula mayunitsi a foni kugolosale, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti amalume anamupatsanso ya Fanta kuti asafulumire.

Kumbuyo kwa ampu yanga, pambali pa mabowo a Speakon amene ndimagwiritsa ntchito, kuli timitu tofiira ndi takuda tomangirapo waya wamba, ndipo mkati mwake zonsezi n'zolumikizana. Mdzukulu uja anasenda ndi mano waya wa magetsi a m'nyumba, anamanga mabokosi awiri mbali iyi ndi awiri mbali inayo, n'kuyendetsa mawayawo mu udzu mpaka pa tebulo la akuluakulu. Limiter yanga sinaone cholakwika chilichonse, chifukwa iyo imayang'ana kukula kwa mawu amene akulowa mu ampu, ndipo sidziwa kuti kumbuyo kwapachikidwa chiyani.

Ndinali nditangonyema ntchafu pamene ndinamva nyimbo ikudukiza. Besi inkagundabe, koma mawu apamwamba ankazima kwa masekondi awiri kapena atatu n'kubweranso. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ampu ya kutsogolo ikudziteteza yokha: ikaona kuti magetsi otuluka achuluka kupitirira muyezo, imadula masipika kwa kamphindi, n'kuyesanso. Ndinafuna kudzuka, koma apongozi anandigwira mkono akuti chiwindi sindinachilawe.

Pabwalo inali itakwana nthawi ya mphatso za akuchikazi. MC, munthu wa mawu aakulu amene amakuwa ngakhale maikolofoni ili pakamwa, anaona mbuzi yonenepa ikukokedwa kulowa m'bwalo, ndipo anakoka mpweya n'kulengeza kuti, "Amalume a mkwatibwi ndi munthu wa mtima wabwino kwambiri, taonani apereka mbuzi!" Kukuwa kwake kunagwetsa ampu pakati penipeni pa chiganizocho, ndipo inadzuka itatsala ndi liwu limodzi lokha loti inene. Mizere yonse yakutsogolo, kumene kunakhala ankhoswe, abusa, mafumu ndi amalume eni ake, inamva momveka bwino, kuchokera m'masipika asanu ndi limodzi kuphatikizapo anayi a eni akewo, kuti: "Amalume a mkwatibwi ndi... mbuzi!" Mawu apakamwa a MC sakanamveka chifukwa mabesi, amene anali ndi ampu yawoyawo, anapitiriza kugunda mokhulupirika.

Choipitsitsa chinachokera ku masipika anga akumbuyo, amene ndinawakonza mosamala kwambiri aja. Iwo sanaduke ngakhale pang'ono, ndipo khamu lonse la kumbuyo linamva chiganizo chonse chotamanda amalume. Choncho pamene akutsogolo anali atagwira pakamwa, anthu mazanamazana kumbuyo anaimirira n'kuwomba m'manja, amayi akuimba nthungululu, ena akukuwa kuti, "Zoona zimenezo! Timawadziwa ife!" Amalume anatembenuka n'kuona mudzi wonse ukuvomereza.

Ndinathamanga osasamba m'manja. Ndinadutsa pakati pa ovina ndikuloza ku ma ampu, maso ali pa kagetsi kofiira kamene kankaphethira patali, ndipo sindinaone waya wa mdzukulu umene unabisala mu udzu. Phazi langa linaukola, bokosi limodzi la amalume linagwa pa tebulo n'kung'ambika msana, ndipo ine ndinauluka n'kukatera chafufumimba mu beseni la ndalama limene linali patsogolo pa akwati. Podzuka, manja anga onse awiri, amene anali ndi nsima ndi msuzi, anali atamata ma K200 ndi ma K500 mpaka m'zigongono. Anyamata olondera ndalama anali akuchimuna, ochokera ku Balaka, ndipo sankandidziwa. Anandigwira lamba wa thalauza n'kundinyamula mpaka zala za kumapazi zokha n'zimene zinkagunda pansi, ndipo pamene ndinkayesa kufotokoza kuti ndine mwini zokuzira mawu, mmodzi anayankha kuti akuba onse apaukwati amakhala ndi maudindo. Anandipulumutsa ndi mkazi wanga, amene anayamba wamaliza kuseka asananene kuti ndine wake.

Kugwa kwangako kunakokanso mawaya osenda aja kumbuyo kwa ampu mpaka anagundana. Ampu inali itatentha kale, ndipo ulendo uno chitetezo chake sichinakwanitse. Fungo la ma transistor opserera aliyense wa ntchito yathu amalidziwa, ndipo linandipeza ndisanafike n'komwe. Ndinazimitsa, ndinachotsa mawaya achilendo, ndinasamutsira masipika akutsogolo pa ampu ya akumbuyo n'kuchotsa delay, ndipo ukwati unapitirira ndi theka la anthu akumva. MC anamaliza mwambo ataima kutali ndi tebulo la akuluakulu, ndipo keke isanathe kugulitsidwa anali atakwera kale kabaza.

M'mawa mwake ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo woyankha mlandu ndinali ine ndekha. Ndinafotokoza za ma ohm, ndinajambula pansi ndi kamtengo momwe 4 ndi 4 ndi 8 zimaperekera 1.6, ndipo ndinaitanitsa mboni zitatu zimene zinakhala kumbuyo kuti zibwereze chiganizo chonse cha MC. Nkhoswe yaikulu inamvetsera moleza mtima, kenako inafunsa funso limodzi lokha, loti liwu lotukwanalo linatuluka m'makina a yani. Amalume anafulumira kunena kuti mabokosi awo, pa zaka zonse zimene anaimba m'bala pakati pa anthu oledzera, sanatukwanepo munthu, choncho khalidweli analiphunzira kwa anga. Nkhoswe inagamula kuti ng'ombe ikadya chimanga cha eni, amalipira ndi mwini ng'ombe, osafunsa kuti anatsegula khola ndani. Anandilamula kupereka nkhuku yoyera ya chipepeso ndi kukonzetsa bokosi limene ndinaphwanya. Za ampu yanga, imene inakagona kwa wokonza ku Lilongwe n'kudya ndalama zoposa zimene ndinalandira paukwatiwo, anati ndi nkhani ya pakati pa ine ndi ampuyo.

Nkhuku ndinakapereka ndekha. Amalume anailandira mokondwa, anaiyeza kulemera ndi dzanja, ndipo anandiuza kuti mtima wawo wayera. Pofuna kuonetsa kuti sakusunga chakukhosi, anati andisankha kuti ndidzaimbe pa mwambo wovundukula chiliza cha agogo chaka chamawa, ndipo apongozi avomera kale m'malo mwanga pa mtengo wachibale. Anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo tikusiyana anandinong'oneza kuti ndisade nkhawa ndi kuchepa kwa masipika, chifukwa mnzawo wina wa ku Tsangano amene watseka bala wawagulitsa mabokosi ena asanu.