Lachiwiri pa benchi ya odwala shuga

Pofika 7 koloko benchi inali itadzaza kale pa chipatala china kuno ku Mangochi. Amayi awiri anabwera ndi vuto limodzi: ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Wina mwana wa mchimwene wake ndi namwino. Winayo wachokera cha ku Makanjira, sadziwa aliyense.

Anthu amati wokhala ndi m'bale amadumpha mzere. Zimachitika, sitikana. Koma mayi woyambayu anaima pamzere ngati wina aliyense. Chomwe anaposera mnzake ndi malangizo a pafoni dzulo usiku: "Azakhali, mukadya nsima ya madzulo basi, musalawenso kanthu, madzi okha."

Nkhani yagona pamenepo. Kuti shuga ayezedwe bwino, munthu asadye kwa maola 8 kapena kuposerapo. Mulingo ukafika 126 mg/dL, kapena 7.0 mmol/L pa makina ena, wachipatala amakayikira matenda a shuga ndipo amayezanso kuti atsimikize. Mayi wa ku Makanjira anali atamwa tiyi wa shuga ndi mandasi awiri podikira matola. Nambala yake inakwera ndithu, koma osati mokwanira kunena kuti ndi matenda kapena ndi tiyi uja. Anauzidwa kuti abwerenso asanadye, kutanthauza ndalama ina ya thiransipoti, kapena kugona pakhonde.

Kabuku ka kuchipatala nako. Woyamba anabweretsa kakale kodzaza kaja pamodzi ndi katsopano, komanso timapepala ta mankhwala a BP amene amamwa. Mnzakeyo anagula katsopano pageti, masamba oyera, poganiza kuti kakuda ndi kochititsa manyazi. Mbiri yonse inatsala kunyumba. Kunena kuti "timapilitsi toyera ting'onoting'ono" sikuthandiza, chifukwa mankhwala ambiri a mufamase ndi otero. Ndipo asanamulembere munthu mankhwala a shuga otchedwa metformin, wachipatala amafuna kudziwa ngati impso zinavutapo.

Chakumasana kunafika bambo wofuna kupita ku Zomba Central Hospital kukaonana ndi dokotala wamkulu. Njira yake ndi makwerero: chipatala chaching'ono, cha pa boma, kenako chachikulu, kalata yotumizira ili m'manja. Kalata analibe, tsiku la kiliniki sanalidziwenso. Mlonda ndiye anamufotokozera.

Mayi wa ku Makanjira anasankha kugona. Mawa ayamba ndi iye, bola anzake a pakhonde asamugawire phala m'mamawa.