Mmene ndinaumitsira ndime ya mpunga osataya zokolola

Kwathu kuno ku Mangochi tinakula tikudziwa kuti mpunga ndi madzi, ndipo ndime ikachita ming'alu ndiye kuti mwini wake ndi waulesi. Choncho alangizi atandiuza kuti, "Amayi, yesani kuisiya iphwe," mtima unakana.

Chinandikopa n'chimene anafotokoza za tinthovu tija timatuluka tikamaponda m'matope. Madzi akakhalitsa, mpweya wabwino sulowa m'nthaka, ndiye tizilombo tosaoneka ndi maso timadya mapesi owola n'kumatulutsa mpweya wa methane. Wambiri umakwera kudzera m'phesi la mpunga weniweniwo, ndipo umasunga kutentha m'mlengalenga kuposa utsi wa galimoto. Kwa ife amene dzuwa la Okutobala limatiwotcha kale chonchi, nkhaniyi sindinaimve ngati ya kutali.

Ndinayambira pa mapesi. Kale ndinkawakwirira madzi atatsala pang'ono kulowa. Ulendo uno ndinawagaulira pansi kudakali mwezi ndi masiku, nthaka ili youma, kuti awoleretu. Ndinasalazanso ndime, chifukwa ikakhala yokwera mbali ina, paipi yoonera mlingo wa madzi m'nthaka imakunamiza.

Paipiyo ndi yapulasitiki, yotalika masentimita 30, yotakata moti dzanja lilowe. Theka lake ndinaliboolaboola ndi msomali wamoto, ndinalikhomera pansi pafupi ndi m'mbali mwa ndime, n'kuchotsa matope onse a m'kati. Njirayi, youmitsa ndi kuthirira mosinthanasinthana, anaikonza ndi akatswiri a bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines, ndipo amati imachepetsa madzi othirira mpaka ndi 30 pa 100 alionse, n'kuchepetsanso methane ndi pafupifupi theka.

Patatha masabata awiri chiwokerereni mbande za Kilombero, ndinatseka ngalande. Apa ndiye panali mayeso. Pamwamba panauma, anzanga odutsa akufunsa ngati kunyumba kuli matenda. Koma ndikapisa dzanja m'paipi m'mawa uliwonse, madzi ndinkawapeza, pamene mizu ikumwa. Akatsika masentimita 15 kuchokera pamwamba pa nthaka, ndinkatsegula mpaka adzaze masentimita 5, kenako kutsekanso. Udzu unachuluka, sindibisa, ndinapalira kuposa kale.

Pamene sindinasewere napo ndi pa maluwa. Sabata imodzi ngala zisanayambe kuchita maluwa mpaka sabata imodzi pambuyo pake, madzi anakhala odzadza osaphwa. Ukaumitsa nthawi imeneyo umakolola mankhusu okhaokha. Urea nayenso ndinathira mwa muyeso, chifukwa ukachulutsa m'nthaka yonyowa ndi kuuma, umatulutsa mpweya wina woipanso.

Njirayi ndi ya mthirira, pamene ngalande ili m'manja mwako. M'dzinja, dambo likasefukira, mvula siimva za paipi. Matumba ndinakolola ngati a kale, ndipo mnzanga wa ndime ya kumunsi, amene tinkakangana naye za madzi, wandipempha ndimuboolere paipi yake.