Mmene ndinalembetsera mwana wanga m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi

Kalata inabwera ndi mwana kuchokera kusukulu, itakwinyika m'thumba la yunifolomu. Ankaitana makolo kuti tikamve za katemera wa tayifodi amene ankafuna kumuyesa kwathu kuno ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Munali mu 2018, patangopita miyezi yochepa chichitikire chipwirikiti cha anamapopa, ndiye mungodziwa nokha mmene nkhani yotenga magazi a ana inkamvekera pampopi. Apongozi anga anandiuza maso ndi maso kuti, "Amake mwana, mdzukulu wanga si woyeserapo mankhwala."

Ndinapitabe, chifukwa tayifodi ndinali nditamuona ndi maso angawa. Mwana wa achemwali anga anatentha thupi masabata awiri, Bactrim osaphula kanthu, mpaka anakagonekedwa ku Queens. Kuyambira 2011 matendawa anachuluka kwambiri mu Blantyre, ndipo kachilombo kake kanali katasiya kumva mankhwala akale aja. Matendawa akakula amaboola matumbo. Nanga madzi athu ano, ndani angalumbire kuti chidebe chilichonse cholowa m'nyumba mwake n'chaukhondo?

Kusukuluko anatifotokozera tonse pamodzi, kenako mmodzimmodzi. Chikalata chovomereza chinali m'Chichewa. Wodziwa kulemba ankasaina, wosadziwa ankadinda chala mboni ili pomwepo, ndipo anabwereza kangapo kuti wokana sakakamizidwa.

Pamene mtima unandigunda ndi apa: si ana onse amene ankalandira katemera wa tayifodi. Theka ankabayidwa ameneyo, theka lina katemera wa matenda oumitsa khosi, mwamaere, ndipo kholo silinkauzidwa kuti mwana wake wagwera mbali iti. Ndinafunsa kuti, "Anamwino, ndiye mwana wanga mumubaya koma osandiuza chimene mwamubaya?" Anandiyankha mofatsa kuti popanda magulu awiri oyerekeza, palibe angadziwe ngati tayifodi wachepa chifukwa cha katemera kapena wangochepa yekha chaka chimenecho. Ndinakhala phee kwa kanthawi, cholembera chili m'manja. Ndinasaina.

Jakisoni anali mmodzi, pamkono. Tinadikira pang'ono pabenchi kuti aone ngati pali vuto, basi tinabwerera kunyumba.

Ntchito yeniyeni inali ya pambuyo pake. Mwana akatentha thupi, tinkayenera kupita naye kuchipatala n'kunena kuti ali m'kafukufuku. Zinatichitikira kamodzi m'nyengo ya mvula. Anamuyeza malungo, kenako anamutenga magazi pamkono n'kuwathira m'kabotolo kopita kulabotale, komwe amawasunga masiku angapo kuona ngati kachilombo kamera. Analira, inenso misozi inalengeza. Tayifodi sanamupeze.

Zotsatira zinatuluka mu 2021. Ana opitirira 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12 ndi amene analowa m'kafukufukuyu, amene anachitika ndi akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome Trust pamodzi ndi anzawo akunja. Anapeza kuti pa ana 10 alionse amene akanadwala tayifodi, katemerayu ankateteza pafupifupi 8. Aka kanali koyamba kuti ayesedwe motere mu Africa muno.

Boma linatsatira umboniwu. Mu May 2023, mabala a namondwe wa Freddy asanapole n'komwe, Unduna wa Zaumoyo unapereka katemerayu m'dziko lonse kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15, ndipo kuchokera pamenepo analowa pandandanda wa kusikelo. Zimandikhudza ndikaganiza kuti mwana wa ku Chitipa akubayidwa lero chifukwa cha mikono ya ana athu a ku Ndirande.

Chitsiriza wanga atakwana miyezi 9, ndinali ndi malungo, ndiye kusikelo anapita naye ndi apongozi anga omwe aja. Anabwerako atamubereka kumbuyo, buku lakuchipatala lili m'manja, n'kundionetsa ndi chala pamene alangizi a zaumoyo analemba tsiku la katemera wa tayifodi, pafupi ndi wa chikuku.